Kuchokera ku Kwacha kukafika ku Riverside: ndani amakonzekeretsa wophunzira watsopano?

Yunivesite ya Copperbelt ili ku Riverside mumzinda wa Kitwe, m'mbali mwa msewu wa Jambo Drive, ndipo wachinyamata wa ku Kwacha kapena ku Bulangililo angathe kukafikako wapansi dzuwa lisanatenthe. Malo onsewa ali m'dera la phungu mmodzi, dera la Kwacha. Ana a m'makomboni amenewa amakula akuwaona ophunzira a payunivesite. Amakwera nawo minibasi imodzi, amawagulitsa tomato ndi makala, ena makolo awo amawachititsa lendi zipinda. Koma kuyandikana kumeneku n'kwa maso chabe. Mwana wa ku Kwacha akasankhidwa n'kulowa pageti monga wophunzira, zam'katimo zimamudabwitsa chimodzimodzi ndi mnzake amene watsika basi usiku kuchokera ku Lundazi kapena ku Kaputa. Onse awiri sadziwa kuti lekichala sadzawalembera manotsi pabolodi, kuti palibe amene adzawafune akajomba, ndiponso kuti timayeso ta miyezi yoyambirira tingathe kugamula tsogolo la munthu.

Funso loti wophunzira wotereyu akonzekeretsedwe bwanji, ndi ndani, ndiponso liti, lakhala likuzunguza mitu m'mayiko ambiri kwa zaka zoposa 50. Ku America ndi kumene linafufuzidwa kwambiri, choncho tiyambire komweko.

Kumeneko sukulu za sekondale zimatseka mu May kapena June, makoleji n'kutsegula kumapeto kwa August kapena mu September. Miyezi yotentha ya pakatiyi ndi imene makoleji amaitanira ophunzira atsopano, ndipo maitanidwe ake ndi a mitundu iwiri. Wina ndi wa tsiku limodzi, awiri kapena atatu: wophunzira amabwera, nthawi zina ndi makolo ake, amaonetsedwa malo, amakumana ndi mlangizi, n'kusankha maphunziro a teremu yoyamba. Wina ndi wa milungu 4 mpaka 6, umene amautcha summer bridge. Apa wophunzira amagona m'hositelo, amaphunzira masamu ndi kalembedwe, amalemba mayeso enieni, amazolowera laibulale ndi labotale khamu lisanafike. Oitanidwa kawirikawiri amakhala ana a mabanja osauka ndi amene ali oyamba pamtundu pawo kuponda pakoleji.

Boma la dzikolo linalowererapo mu 1965 ndi ndondomeko ya Upward Bound, yochokera m'lamulo lolimbana ndi umphawi la 1964 la Pulezidenti Lyndon Johnson, imene imatenga ana a sekondale osauka kukakhala pakoleji nthawi ya tchuthi. Mu 1988 Freeman Hrabowski anayambitsa Meyerhoff Scholars pa University of Maryland, Baltimore County, ndipo milungu 6 yokonzekera ndi imodzi mwa nsanamira zake. Ndondomekoyi inatchuka chifukwa chotulutsa ophunzira akuda ambiri amene anafika pa digiri ya PhD m'maphunziro a sayansi. Koma chitsanzo chimene ine chimandikhudza kwambiri ndi cha University of South Carolina. Mu 1970 ophunzira kumeneko anachita zipolowe. Mkulu wa yunivesiteyo, Thomas Jones, anaona kuti achinyamatawo sankaiona sukuluyo ngati yawo, ndipo mu 1972 anakhazikitsa phunziro la University 101, loti ophunzira a chaka choyamba azikumana m'timagulu tating'ono ndi mphunzitsi teremu yonse, kukambirana za moyo wa payunivesite.

Wa ku Kitwe akamva nkhani imeneyo sangalephere kukumbukira February 2016, pamene boma linatseka Copperbelt ndi University of Zambia pambuyo pa zionetsero za ndalama za ophunzira zomwe zinachedwa, kapena April 2019, pamene Copperbelt inatsekedwanso kwa miyezi ingapo. Madandaulo a ophunzira nthawi zambiri amakhala oona, ndipo sindikunena kuti phunziro limodzi lingathetse njala. Ndikunena kuti wophunzira watsopano amene sanauzidwe kuti dandaulo limayenda bwanji kuchoka kwa iye kupita ku bungwe la ophunzira la COBUSU, n'kukafika kwa Dean of Students ndi kupitirira apo, amaiphunzira yunivesite yake usiku wa utsi wokhetsa misozi.

Pa kalendala yathu palibe nyengo yofanana ndi ya ku America, koma mpata ulipo, wautali kuposa wawo. Mayeso a Giredi 12 a Examinations Council of Zambia amatha mu November. Zotsatira zimatuluka chaka chatsopano chitayamba. Kenaka pamabwera kufunsira malo, kudikira mayina, kufunsira ngongole, kudikiranso mayina. Ambiri amakhala pakhomo miyezi yochuluka, ena chaka chathunthu kapena kuposerapo, makamaka amene akusakasaka fizi kapena akubwereza phunziro limodzi pa mayeso a GCE. 

Sikuti miyezi imeneyi ana amangokhala manja lende. Mtsikana amene anakhoza bwino kwambiri ku sekondale ya Helen Kaunda umupeza m'kabuthi kotumizira ndalama pafoni kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Mnyamata wa ku sekondale ya Kitwe Boys kapena ya Mukuba akuthandiza amalume ake kugulitsa salaula pamsika wa Chisokone, kapena akuitanira anthu pa minibasi. Wina watsata anzake kukatola miyala ku Black Mountain, phiri la zotsalira zosungunulira mkuwa ku Nkana, komwe mu 2018 anthu anafa dothi litawagumukira. Ntchito zambiri mwa izi zilibe manyazi. Zimadyetsa banja, zimaphunzitsa munthu kusunga ndalama. Koma masamu sakhalitsa m'mutu mwa munthu amene sakuwagwira. Mwana amene mu October ankathetsa mafunso a trigonometry mosavuta, pakatha miyezi 10 amayang'ana funso lomwelo ngati lachilendo. Ndipo ena sabwereranso n'komwe: uyu watenga pakati, uyu wakwatiwa, uyu ndalama ya tsiku ndi tsiku yamukomera, uyu anaphonya tsiku lomaliza loperekera mafomu chifukwa panalibe womukumbutsa.

Kusowa kotereku Benjamin Castleman ndi Lindsay Page anakuwerenga ku America, n'kupeza kuti m'madera ena ana 10 mpaka 40 pa 100 alionse amene anali atakonzeka kupita kukoleji sankafikako, makamaka osauka. Zowagwetsa zinali zing'onozing'ono: fomu yovuta, kalata ya ndalama yosamveka, tsiku lophonyedwa. Atayesa kumawatumizira mauthenga a pafoni owakumbutsa ndi kuwalumikiza kwa mlangizi, ofika kukoleji anaonjezerekako, pamtengo wochepa kwambiri. Ku Kwacha foni ili pafupifupi pakhomo lililonse.

Pali mbiri imene ambiri tinaiwala, ndipo ndi imene imafotokoza chifukwa chake chaka choyamba cha payunivesite m'Zambia chili momwe chilili. Dziko likulandira ufulu mu 1964, nzika zakuda zokhala ndi digiri zinali pafupifupi 100 zokha. Komiti ya Sir John Lockwood, imene inafufuza za yunivesite yatsopano mu 1963, inalangiza kuti tisadikire ana a Fomu 6, omwe anali owerengeka, koma titenge amene akhoza bwino satifiketi ya O level. University of Zambia itatsegulidwa mu 1966 ndi ophunzira 312, digiri wamba inakhala ya zaka 4 m'malo mwa zaka 3 za ku England. Chaka choonjezeracho chinali chokonzekeretsa, choti chigwire ntchito imene Fomu 6 ikanagwira. Copperbelt, imene inaima payokha mu 1987 kuchoka ku University of Zambia n'kutenganso Zambia Institute of Technology mu 1989, inalandira dongosolo lomwelo.

Ndiye tinganene kuti Zambia inali ndi ndondomeko yokonzekeretsa ophunzira kalekale, ya chaka chathunthu, osati milungu 6. Chimene chinasintha ndi kuchuluka kwa anthu ndi ntchito imene chakacho chinapatsidwa. Ambiri ofuna udokotala, uinjiniya ndi maphunziro ena a sayansi amayamba pamodzi chaka chimene ophunzira amachitcha non-quota, akuphunzira masamu, physics, chemistry ndi biology. Zotsatira za chaka chimenecho ndi zimene zimagamula kuti ndani apite ku sukulu ya udokotala ya Michael Chilufya Sata ku Ndola, ndani achite uinjiniya, ndani alandire zotsala. Chaka chimene chinapangidwa kuti chinyamule ofooka chinasanduka chosefera. M'holo yodzaza ndi mazana a ophunzira, wochokera kusukulu yokhala ndi labotale ndi aphunzitsi okwanira amayamba ali patsogolo, ndipo mnzake amene zoyesera za chemistry anangoziona pachithunzi cha m'buku amathera miyezi itatu yoyamba akuphunzira kugwira zipangizo. Pofika nthawi yoti wazolowera, mamakisi ena anapita kale. Nzeru anali nazo zofanana ndi mnzakeyo, chimene chinamusowa ndi nthawi.

Kale mpata wa pakati pa sekondale ndi koleji unkadzazidwa m'njira zina. M'zaka za m'ma 1970 boma la Kenneth Kaunda linkatumiza omaliza Fomu 5 ku Zambia National Service, ndipo izi zinalekeka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Usilikali ndi ulimi wa kumeneko sizinkaphunzitsa calculus, koma zinkasonkhanitsa achinyamata a zigawo zonse asanakumane pakoleji. Kampani ya migodi ya ZCCM nayo inatsegula sukulu ya Mpelembe mu Kitwe momwemo mu 1983, kuti izikonzekeretsa ana osankhidwa asanapite kukaphunzira za migodi ndi uinjiniya m'dziko muno ndi kunja. Eni migodi ankadziwa kuti injiniya amayamba kupangidwa asanalowe payunivesite. Migodi itagulitsidwa pofika 2000, udindo woterowo unasowa mwini. Tsopano ndondomeko ya maphunziro ya 2023 ikubwezeretsa Fomu 5 ndi 6 ya A level. Fomu 1 yatsopano inayamba mu 2025, kutanthauza kuti oyambawo adzamaliza Fomu 4 mu 2028. Mpaka nthawi imeneyo, ndiponso pambuyo pake kwa ochokera kusukulu zosowa zipangizo, funso lathu likhalapobe.

Chimene ophunzira atsopano, mafresha, amalandira lero, kuno ndi m'mayunivesite ambiri a m'chigawo chino cha Africa, ndi masiku ochepa a orientation. Akuluakulu amalankhula, malamulo amawerengedwa, a kuchipatala amachenjeza za matenda opatsirana pogonana ndi mowa, a laibulale amaonetsa mashelefu, mabanki ndi mipingo amaika matebulo panja. Zonsezi n'zofunika ndipo amene amazikonza amagwira ntchito yaikulu ndi ndalama zochepa. Vuto ndi loti masiku amenewo mutu wa wophunzira uli kwina. Ali pamzere wolembetsa, akufunafuna pogona, akuimbira foni kunyumba kuti ndalama yachepa. Ena amafika mwambowo utatha chifukwa ndalama ya basi inapezeka mochedwa, ndipo amenewa ndi omwe ankaufunitsitsa kuposa onse. Komanso zimene zimagwetsa munthu chaka choyamba sizingathe kuphunzitsidwa ndi mawu a papulatifomu.

Taganizirani za kaphunziridwe. Kusekondale mwana wanzeru amakhoza poloweza manotsi ndi kubwereza mapepala a mayeso akale, mphunzitsi ali pambuyo pake. Payunivesite lekichala amathamanga mutu wathunthu m'maola awiri n'kutchula buku. Mamakisi a CA, ochokera m'timayeso, ntchito zolemba ndi malipoti a mulabotale, amayamba kuwerengedwa mwezi woyamba womwewo, pamene wophunzira akuganiza kuti mayeso enieni ali kutali. Chingerezi nacho chimasintha nkhope. Mwana anakhoza Chingerezi pa Giredi 12, inde, koma kumvetsera munthu akulankhula mofulumira uku ukulemba, kuwerenga masamba 40 usiku umodzi, kulemba lipoti lotchula kumene mfundo wazitenga popanda kukopera, ndi luso lina. Wochokera ku Katete kapena ku Petauke ali ndi katundu wachiwiri, chifukwa kunja kwa kalasi, pamsika, m'minibasi ndi m'hositelo, anthu akulankhula Chibemba cha ku migodi kuno, ndipo nthabwala zoyamba zimamudutsa.

Choopsa kuposa zonse ndi manyazi. Ana amenewa anali oyamba m'makalasi awo. Kwawo amawatcha kale adokotala. Akalandira pepala loyamba lolembedwa 30 pa 100, sauza munthu. Kunyumba sangakanene, kwa lekichala saona poyambira, popeza anakula akudziwa kuti wamkulu sumufunsafunsa. Amadzitsekera n'kumawerenga yekha mpaka usiku, njira yomwe ija yamugwetsa. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma mwana sangafunse ngati sanaonetsedwe khomo logogoda ndi kuuzidwa kuti kugogodako n'kololedwa.

Za ndalama ndi pogona sizingalekanitsidwe ndi za m'kalasi. Kuchokera pa lamulo la 2016, ngongole za ophunzira zili m'manja mwa Higher Education Loans and Scholarships Board, ngakhale ophunzira akadatchulabe ndalama yawo kuti BC, dzina la Bursaries Committee yakale. Mu 2019 nduna Nkandu Luo inachotsa ndalama ya chakudya, ndipo boma la Hakainde Hichilema linaibwezeretsa mu 2023. Si onse amapeza ngongoleyi, si onse amaipeza yathunthu, ndipo ngakhale woipeza amayenera kudya milungu yoyamba isanalowe. Mwana amene sanagwirepo ndalama yambiri chotero ikalowa kamodzi, foni yatsopano imamuitana. Malo ogona m'mahositelo ndi ochepa poyerekeza ndi ophunzira, n'chifukwa chake pali squatting, kugona awiri pabedi la mmodzi, ndi maboarding house odzaza Riverside yense ndi madera oyandikana nawo. Mtsikana wa zaka 18 wopanda bedi ndi chakudya ndi amene amagwa m'manja mwa ophunzira akuluakulu ndi azibambo a magalimoto odikira kunja kwa geti. Kumuchenjeza n'kwabwino, koma chenjezo lopanda bedi ndi lopepuka.

Apa mwana wa ku Kwacha amaoneka wamwayi, popeza amagona kwawo n'kudya nsima ya amayi ake. Mwayiwo ndi weniweni, koma uli ndi mtengo wake umene suonekera. Iye akatuluka m'kalasi amabwerera kukatunga madzi, kukalera ang'ono ake, kukakhala pa kantemba, kukaphika pamaliro a m'dera. Chipinda amagona ndi abale atatu, tebulo palibe. M'chaka cha chilala cha 2024, madzi atachepa ku Kariba, magetsi ankazima maola ambiri patsiku m'makomboni. Anzake a m'hositelo akamakumana usiku kuthetsa mafunso a mawa, iye ali kunyumba chifukwa njira ya mdima ndi yoopsa. Makolo ake, amene amamukonda ndipo akudzimana chifukwa cha iye, amaona kuti lero ali ndi kalasi imodzi yokha ndiye tsiku lonse ali ndi mpata. Vincent Tinto, amene buku lake la Leaving College la 1987 limawerengedwa kwambiri pankhaniyi, anaonetsa kuti wophunzira amapirira akalumikizana ndi sukulu yake mbali ziwiri, ya maphunziro ndi ya ubale ndi anzake ndi aphunzitsi. Wogona kunyumba amakhala mlendo wa masana pambali zonse ziwiri. Ndikuona kuti pokonza zolandira mafresha timaganiza kwambiri za wochokera kutali, n'kuiwala wa kuseri kwa mpanda.

Kodi milungu ingapo yokonzekera ingachiritse zonsezi? Umboni umati ayi, ndipo tiyenera kuumva. Mu 2009 akatswiri a National Center for Postsecondary Research anayesa ndondomeko za summer bridge m'makoleji 8 a ku Texas, ndi ophunzira pafupifupi 1,300 ogawidwa mwamaere, ena kulowa, ena ayi. Olowawo anakhoza msanga phunziro loyamba la masamu ndi la kalembedwe. Koma patatha zaka ziwiri kusiyanako kunali kutazirala, ndipo pa kupitiriza sukulu magulu awiriwo ankafanana. Kumene ndondomekozi zabala zipatso zokhalitsa, monga ku Meyerhoff, milungu 6 ija ndi chiyambi chabe: pambuyo pake pali ndalama, mlangizi, magulu owerengera pamodzi ndi munthu woyang'ana mamakisi teremu iliyonse. Mlimi wa fodya amadziwa kuti mbande amaziumitsa kunazale pochepetsa madzi asanaziwokere, komanso amadziwa kuti akaziwokera sazisiya, amabwerera kukapakiza ndi kukathira feteleza.

Phunziro lina linachokera ku Berkeley m'zaka za m'ma 1970. Uri Treisman anafuna kudziwa chifukwa chake ophunzira akuda, ena a iwo okhoza bwino kusekondale, ankalephera calculus pamene anzawo a makolo ochokera ku China ankakhoza. Atawatsatira anapeza kuti khama linali lofanana, koma oyambawo ankawerenga aliyense payekha, enawo ankati akawerenga paokha n'kukumana kufunsana ndi kukonzana. Treisman anayambitsa magulu othetsa mafunso ovuta pamodzi, ndipo sanawatche a ofooka, anawatcha a ofuna kupambana. Zotsatira zinasintha kwambiri. Ku South Africa, komiti ya Council on Higher Education yotsogozedwa ndi Njabulo Ndebele inanena mu 2013 kuti mwa ophunzira a m'kalasi, mmodzi yekha pa anayi ankamaliza digiri m'nthawi yake, ndipo inaloza phompho la pakati pa sekondale ndi yunivesite monga gwero lalikulu. Mayunivesite a kumeneko, monga Cape Town ndi Pretoria, ali ndi madigiri otalikitsidwa ndi chaka chimodzi kwa amene akufunika maziko. Njira imeneyo ndi yomwe Lockwood anatipatsa ife kale.

Ndiye ku Kwacha kungachitike chiyani? Zipangizo zambiri zilipo kale, zangobalalika. Makalasi a sukulu za boma amakhala otseka pa tchuthi cha April, August ndi December, ndiponso Loweruka lililonse. Ophunzira a chaka chachitatu ndi chachinayi a Copperbelt amakhala m'dera lomwelo, ndipo ambiri angakondwe ndi kandalama kochepa ndi kalata yoikira umboni. Ku Mukuba University ku Itimpi ndi ku Kitwe College of Education kuli achinyamata amene akuphunzira uphunzitsi, ofuna pophunzitsira. Thumba la chitukuko la CDF la dera lililonse la phungu linakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022 ndipo lakhala likukwerabe. Mbali yake imalipirira kale ana a sekondale zogonera komweko ndi a maphunziro a ntchito zamanja. Phungu, makhansala ndi makomiti a chitukuko a m'mawadi atafuna, angathe kufunafuna njira yoti omaliza Giredi 12 azikumana kawiri kapena katatu pamlungu, kusunga masamu ndi sayansi zamoyo, kuwerenga buku lathunthu n'kulemba za ilo, kugwira kompyuta, kudzaza mafomu a malo ndi a ngongole pamodzi, ndi kukalowa mulabotale ya yunivesite ngakhale kanayi kokha. Zimenezi zingathandize ngakhale amene adzapite ku koleji ya NORTEC ku Ndola, ku sukulu za unamwino kapena ku makoleji a ntchito zamanja, chifukwa dzimbiri la miyezi yodikira siliona kuti munthu akulowera kuti. Bungwe la CAMFED, limene lili m'Zambia kuyambira 2001, limachita kale zofananako kwa atsikana a kumidzi omaliza sukulu, pogwiritsa ntchito akulu awo amene anadutsa njira yomweyo.

Makolo nawo ayenera kuitanidwa, ndipo alankhulidwe m'Chibemba ndi m'Chinyanja, osati m'Chingerezi cha pamwambo. Amayi ndi abambo akauzidwa momveka kuti ola limodzi la m'kalasi limafuna maola ena awiri a kuwerenga, kuti ngongole ndi yobweza, kuti mwana akalephera kayeso koyamba si kuti wayamba uchidakwa, ambiri adzamupatsa mpata ndipo adzakhala oyamba kumva zikavuta. Mipingo ya ku Kwacha, imene imasonkhanitsa makolo amenewa mlungu uliwonse, ingachite zimenezi popanda kudikira bajeti.

Zopinga zilipo ndipo si zazing'ono. Yunivesite singakonzekeretse munthu amene sinamusankhe, ndipo mwana sangadzipereke asanadziwe ngati ngongole wapeza, choncho mayina akamatuluka sukulu itatsala pang'ono kutsegulidwa, nthawi yokonzekera imadyedwa. Wochokera ku Chama kapena ku Shang'ombo sangabwere mwezi umodzi msanga popanda bedi ndi chakudya cholipiridwa, ndipo ndondomeko yothandiza a m'tauni okha ingakulitse kusiyana kumene tikufuna kuchepetsa. Mtsikana wa m'kabuthi uja akasiya ntchito masana atatu pamlungu, pakhomo pachepa ndiwo, motero nthawi ya makalasi iyenera kumuganizira. Ndikuopanso kuti zikasiyidwa m'manja mwa amalonda zidzasanduka matyushoni ena olipira, ofikira ana a mabwana amene ali kale patsogolo. Ndipo kuyambira pamene maphunziro anakhala aulere mpaka Giredi 12 mu January 2022, makalasi a sekondale adzaza, kutanthauza kuti ogogoda pageti la Riverside adzachuluka chaka ndi chaka, ambiri a iwo oyamba pamtundu pawo.

Pali chinthu chimodzi chimene yunivesite ingayambe teremu ikubwerayi popanda kumanga chipinda. Mamakisi a kayeso koyamba amakhala ali m'kompyuta ya dipatimenti pasanathe miyezi iwiri. Mndandanda wa amene agwa uperekedwe kwa anthu odziwika mayina, lekichala mmodzi ndi ophunzira akuluakulu angapo pa gulu lililonse, ndipo aliyense wa pamndandandawo aimbiridwe foni mlungu womwewo, afunsidwe ngati ali ndi pogona, ngati akudya, ngati ali ndi anzake owerenga nawo, kenaka aikidwe m'gulu lokumana masana, nthawi imene wa ku Kwacha ndi wa ku Bulangililo angakhalepo n'kubwerera kwawo kusanade. Kumapeto kwa chaka dipatimenti iyerekeze amene anabwera m'magulumo ndi amene sanabwere, ione sukulu zimene ogwa ambiri akuchokera, n'kutumiza zimene yapeza kwa ahedi a sukuluzo ndi ku ofesi ya maphunziro ya boma la Kitwe, kuti makalasi a miyezi yodikira a chaka chotsatira adziwe mitu yoyenera kuyambira.